Chifukwa chake manja anga ankakhala otuwa

Tadala ndi Chisomo, ana anga, mwakula mukundiseka manja. Iwe Tadala unanenapo pamaso pa alendo kuti bambo ako ali ndi manja ngati a munthu woumba njerwa, ndipo Khirisimasi iliyonse wakhala ukundigulira mafuta odzola, ena onunkhira maluwa, ena onunkhira kokonati. Onsewo ali m'kabati ya kuchipinda, osatsekula. Munkayesa ndi umbuli wa munthu wakumudzi, ineyo n'kumangomwetulira. Tsopano poti ndapuma pa ntchito ndipo tsiku limatalika, ndati ndilembe chifukwa chake, pakuti pakamwa nkhaniyi imandikanika.

Chaka choyamba, mwezi wa Okutobala

Ndinafika ku London motsatira mayi anu, amene anali atapeza kale ntchito ya unamwino pachipatala chachikulu cha ku Edmonton. Kwathu ku Dedza ndinali makaniko wa mapampu a madzi, munthu woitanidwa ndi ulemu. Kuno ndinasanduka mlonda wa zenera. Miyezi inayi ndinkangowerenga mabasi odutsa pamsewu, mayi anu ali ku shifiti.

Amene anandichotsa pazenerapo anali a Tembo, bambo wa ku Zambia amene ndinakumana naye pamaliro a Mmalawi mnzathu ku Ilford. Anali wamfupi, wa imvi za m'mbali, wolankhula mokweza ngati tonse ndife ogontha. Atamva kuti ndimadziwa mapampu ndi ma injini, anandigwira paphewa.

"Iwe wa ku Dedza, bwela ku nchito kwatu pa Mande. Tifuna muntu wa manja."

"Ntchito yake yotani, achimwene?"

"Tingena pansi pa manzi."

Ndinawauza kuti kwathu ndi kumapiri, ndipo madzi ozama amene ndinalowamo m'moyo wanga ndi a m'beseni. Anaseka mpaka anamfedwa kutembenuka. "Sitifuna nsomba, Dedza. Nsomba tili nazo." Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali Dedza, ndipo sanandiitanenso ndi dzina lina kufikira tsiku limene ndilifotokoze kutsogoloku.

Kampani yake inali yaing'ono, ya anthu asanu ndi mmodzi, m'shedi ya malata pafupi ndi mtsinje. Mwini wake anali a Gordon, mzungu wamtali wosakonda kulankhula, amene anasiya kulowa m'madzi khutu litawavuta. A Tembo anaimirira pamaso pawo n'kunena kuti, uyu ndi m'bale wanga, akalakwa mufunse ine. Mawu amenewa muwasunge, ana anga.

Ntchito ya kampaniyo inali kukonza zitseko zikuluzikulu zotsekera madzi m'ngalande zodutsa mabwato, kuchotsa zinyalala zotseka mipope, ndi kuyendera mizati ya milatho pansi pa madzi. Tsiku loyamba nditaona madziwo ndinangoti kakasi. Anali akuda ngati oyilo wotha ntchito, ozizira moti nditaviikamo chala ndinamva kuwawa mpaka m'mano. Ndiye mnyamata wina wansangala dzina lake Danny, bambo wa ana awiri, anamanga mabotolo a mpweya kumsana, n'kundikupira dzanja, n'kutsikira momwemo ngati akupita kumsika. Ndinati mumtima, anthu awa mitu yawo siikoka.

Ntchito yanga inali kuyendetsa galimoto, kusamalira injini yodzazira mpweya, kutsuka zovala za olowa m'madzi, ndi kugwira chingwe cha munthu akakhala pansi. Zovalazo ndi masuti osalowa madzi, ndipo munthu amavala zofunda mkati n'kutuluka wouma. Koma suti imathera m'mikono, ndipo vuto lonse la nyengo yachisanu ndi manja. Magolovesi wamba amalola madzi kulowa, ndipo pakangopita kanthawi zala zimafa, munthu sangagwire ngakhale sipanala. Choncho ankavala magolovesi ouma. Awa ndi a mphira, omangidwa pa mkombero wa pulasitiki umene umalumikizana ndi mkombero unzake wa pamkono wa suti, ndipo pakati pake pamakhala kalamba kozungulira kotseka madzi. Mkati munthu amavala magolovesi ena a ubweya.

Magolovesiwa anali ufumu wa a Tembo. Ndiwo ankasankha, ndiwo ankayesa, ndiwo ankasayina pepala lakuti chovala chili bwino. Ankati golovesi isathine, pakuti chimene chimafunditsa dzanja si mphira koma mpweya wotsalira mkati. Ankalowetsa kapaipi kakang'ono ngati udzu pansi pa mphira ya pamkono kuti mpweya wa m'suti uzifika m'dzanja, apo ayi madzi amafinya golovesi mpaka zala kuuma. Golovesi iliyonse ankaiuzira ngati chibaluni n'kuiviika m'ndowa kuti aone ngati ikutulutsa thovu. Tsitsi limodzi lokha likagona pa kalamba kaja, ankati, munthu anyowa. Kalambako ankakapaka timafuta toyera tochokera m'kachubu kakang'ono ngati chala, ndipo magolovesi akauma ankawawaza paudala woyera. Ine ndinkaonerera ndithu, koma sindinafunsepo kuti timafutato n'totani kapena paudalayo ndi wa chiyani. Ndinkaona ngati makaniko wa zaka zanga sangafunse zinthu zazing'ono chotero.

Chaka chachiwiri, mwezi wa Novembala

A Tembo anaferedwa mayi awo, ndipo anapita ku Lusaka kwa mwezi wathunthu. Makiyi a sitolo ya zipangizo anatsala m'manja mwanga. Sabata yachiwiri kachubu ka timafuta kaja kanatha. Ndinawauza a Gordon, iwo n'kuti aitanitsa, koma a Gordon kuitanitsa kwawo kunali ngati kudikira mvula mu Ogasiti.

Tsopano mvetserani umbuli wanga. Ku Dedza kumazizira, ndipo kuyambira ndili mwana ndinaphunzira kuti chinthu chotuwa ndi chinthu chosasamalidwa. Mwana akatuluka miyendo ili mbuu, amanyozeka ndi mayi ake. Mafuta aja olimba a m'botolo, amene mayi anu ankakudzozani muli makanda, kwathu ndi mankhwala a chilichonse: milomo yosweka, zidendene, nsapato za kutchalitchi, lamba wa njinga. Ine ndinkayenda ndi kabotolo kake m'thumba. Nditayerekeza ndi timafuta ta a Tembo, ndinaona kuti maonekedwe ndi amodzi, kuterera n'kumodzi. Ndinati azungu angochenjera, aika chinthu chomwecho m'kachubu kakang'ono kuti chioneke chapamwamba. Ndinapaka timalamba tonse.

Sindinalekere pomwepo. Ndinayang'ana magolovesi atapachikidwa pachingwe, ali mbuu ndi paudala ngati miyendo ya ana amasiye, ndipo anandimvetsa chisoni. Lachisanu madzulo, anthu ataweruka, ndinawapukuta paudala yense n'kuwadzoza limodzilimodzi, kulowetsa mafuta pakati pa zala monga ndinkachitira ndi inu. Anawala, anafewa. Lolemba Danny atavala ake anati, "Lero akumveka bwino bwanji! Wawatani?" Ine ndinangomwetulira, n'kumati mumtima, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

A Tembo atabwerera sindinawauze. Ndinkafuna adzazindikire okha kuti magolovesi akukhalitsa, adzandifunse chinsinsi, ine ndidzatulutse kabotolo kanga. Lachisanu lililonse iwo ankaweruka msanga, ine n'kutsala ndikudzoza ndi kupukuta bwinobwino. Pofika Lolemba mafuta amakhala atalowerera, iwo n'kuwazanso paudala wawo osadziwa kanthu.

Posakhalitsa magolovesi anayamba kuvuta. Ena ankamata m'manja ngati utomoni, ena ankang'ambika povula. A Gordon anakalipira ogulitsa pa foni, n'kukagula kwina. Atsopanowo nawonso anayamba zomwezo. A Tembo anachotsa mbaula ya magetsi m'sitolo poganiza kuti ndi kutentha. Ankakhala pabenchi golovesi ili m'manja, akuitembenuza. "Vintu va masiku yano ni vabodza, Dedza." Ine ndinkavomereza ndi mtima wonse, ndipo poona kuti mphira ikuvutika chotero, ndinawonjezera mafuta.

Chaka chachitatu, mwezi wa Januwale

Linali Lachiwiri m'mawa, m'mbali mwa ngalande muli madzi oundana ngati magalasi osweka. Tinkakonza chitseko cha madzi chimene chinali chitaweyeseka pansi. A Tembo anayesa magolovesi a Danny m'ndowa, thovu panalibe, anasayina. Danny anatsika, ine nditagwira chingwe chake, a Gordon ali pa lamya yolankhulira ndi munthu wa pansi. Chifukwa madzi ankakoka, Danny anadzikoloweka kuchitsekoko ndi kachingwe kena kakafupi ka ngowe.

Patapita kanthawi tinamva mawu ake m'lamya: "Yakumanzere yaphulika."

"Tuluka," anatero a Gordon.

"Mphindi zisanu zokha. Bawuti yalowa theka, ndikaisiya tiyambiranso."

A Gordon anatukwana, koma anamulola. Mphindi zisanu zija zinakhala khumi. Madzi anali atalowa m'dzanja, n'kutsata kapaipi kaja, n'kuyamba kukwera m'mkono. Kenako anati yakumanja nayonso yang'ambika. Apo a Gordon anakuwa kuti atuluke nthawi yomweyo, ine ndinayamba kukoka, koma chingwe chinangoti gwa. Ndinakokanso ndi mphamvu zonse. M'lamya munkangomveka kupuma kwa befu, ndipo kenako mawu aang'ono amene sindinawazindikire kuti ndi a Danny: "Ngowe ikukanika. Zala sizikumva."

Ana anga, ndinaonapo ngozi za pamsewu, ndinaikapo abale m'manda, koma sindinachitepo nthumanzi ngati nthawi imeneyo. Munthu ali kunsonga kwa chingwe chimene chili m'manja mwako, ukumumva akupuma, koma sungamukoke. Wolowa m'madzi mnzake, amene ankadikirira pamtunda atavala kale suti, analumphira m'madzi n'kukadula kachingwe kaja ndi mpeni. Titamutulutsa, magolovesi anali lendelende ngati masamba a nthochi ong'ambika ndi mphepo. A Tembo anamuvula a ubweya aja, akudontha madzi. Manja ake anali oyera ngati chinangwa chosenda. Danny anawakweza pamaso pake, n'kuwayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa mwaulemu, "Manja awa ndi a ndani?"

Ambulansi itapita naye, ndinaona a Tembo atatola golovesi imodzi yong'ambikayo. Anaikoka pang'ono, inaduka. Anaisendeza kumphuno, kenako anaiika m'jumbo. Ine sindinaganizepo kanthu.

M'mawa mwake a Gordon anatsekera zovala zonse m'bokosi kudikira ofufuza za ngozi, ndipo ntchito ya m'madzi inaima. Anaitana a Tembo mu ofesi, chitseko chili chotsekula. "Mumasayina ndinu. Magolovesi akhala akuvuta miyezi iwiri, inu n'kumasayinabe. Khalani kunyumba mpaka nkhani ithe, ndipo musalankhule ndi aliyense wa pano." Munthu wolankhula mokweza uja anangotuluka mu ofesimo. Anavala chipewa, anadutsa pafupi nane, n'kungoti, "Sala bwino, Dedza." Tonse tinkadziwa kuti nkhani ikatha moipa, palibe kampani ina imene ingadzawapatsenso makiyi a sitolo, ndipo pa msinkhu wawo ntchito ina sakanaipeza.

Lamulungu lotsatira

Titachoka kutchalitchi, inu mukusewera pabalaza, ine ndinali kukhitchini ndikutapa mafuta m'botolo lalikulu kuthira m'kabotolo kanga. Mayi anu anandipezerera.

"Bambo a Tadala, kodi mafutawa mumadya? Botolo ili ndagula dzanadzanali."

"Si ine ndekha," ndinatero monyada. "Ndimadzozanso magolovesi a kuntchito. Akanapanda ine, bwenzi atatha kalekale."

Mayi anu anaika mbale imene inali m'manja mwawo pang'onopang'ono. "Magolovesi ake ati?"

"A mphira aja. Olowera m'madzi."

"Mwati mumawapaka chiyani?"

Ndinawaonetsa botolo. Nkhope yawo inasintha mwa mtundu umene ndinali ndisanauonepo chikwatiranireni. "Mayo ine," anatero motsitsa. "Ku wodi amatiletsa ngakhale kudzola zimenezi tisanavale magolovesi a mphira. Zimadya mphira, bambo a Tadala. Zimaivunditsa."

Ndinakana. Ndinati iwo ndi namwino, ine ndi makaniko, aliyense adziwe zake. Sanalimbane nane. Anatulutsa m'chikwama chawo magolovesi awiri a kuchipatala, ina anaipaka mafuta, ina anaisiya, n'kuziika pawindo. Kenako tinadya chakudya chamasana. Titamaliza anandipatsa yosapaka ija kuti ndikoke. Inatamuka mpaka chigongono osaduka. Anandipatsa inzake. Sindinakoke n'komwe mwamphamvu, chala changa chinangobowola n'kutulukira kuseri.

Ndinakhala pansi pa khitchini, pa simenti penipeni. Zonse zinabwera pamodzi: kumata kuja, kung'ambika kuja, a Tembo akunyamula mbaula yosalakwa, Danny akufunsa kuti manja ndi a ndani. Ndinadabwa, ndinachita mantha, ndipo ndinadzida. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine phulalo sindinadye ndekha, ndinadyetsa anzanga.

"Mawa mukawauze a Gordon," anatero mayi anu.

"Andimangitsa. Munthu wavulala. Nanga mapepala athu? Nkhani ikafika ku maofesi a ku Croydon, oona za zilolezo zokhalira m'dziko muno, mukuganiza atisiya? Ana awa tipita nawo kuti?"

"Nanga a Tembo alibe ana?"

Ndinatola golovesi yobowoka ija n'kumaitembenuza. Iwo anati, "Ine sindikakunenerani, pakamwa ndi panu. Koma kubisa sindikuthandizani."

Apa ndiye pali chimene chimandichititsa manyazi kuposa mafuta aja. Lolemba ndinapita kuntchito, ndinasesa shedi, ndinakonza injini, ndinabwerera osanena kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinkadziuza kuti ofufuza mwina apeza kuti vuto ndi la ogulitsa, aliyense apulumuka. Mayi anu sanatchulenso nkhaniyo. Koma nthawi iliyonse ya chakudya ndinkapeza golovesi yobowoka ija ili pambali pa mbale yanga, yoyalidwa bwinobwino ngati kansalu kopukutira m'manja. Iwe Chisomo unafunsapo kuti ndi ya chiyani, iwo anati ndi mankhwala a bambo ako.

Masiku anakwana asanu ndi atatu. Lolemba linalo a Gordon anandiitana. Anati zikuoneka kuti a Tembo sabwereranso, ndipo pa anthu onse amene anawalembapo ntchito sanaonepo wosamala zipangizo ngati ine. Anatulutsa makiyi a sitolo n'kundiika m'manja. Ndinalandira, ana anga. Ndinathokoza mpaka kuwerama. Ndinayenda nawo m'thumba tsiku lonse akundiwotcha ntchafu, ndipo nditafika kunyumba n'kuwaika patebulo, mayi anu anawayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kupita kuchipinda. Ndinawamva akulira.

Tsiku lachisanu ndi chinayi

Ndinalowa mu ofesi ndisanavule jekete. Ndinaika makiyi patebulo la a Gordon, pambali pake botolo la mafuta, ndipo ndinafotokoza zonse kuyambira pa kachubu kaja. Chingelezi changa chinabalalika, koma anamva. Anatsekula botolo, ananunkhiza, anayang'ana kudenga. Anayamba ngati akuseka, kenako anaphimba nkhope ndi manja onse awiri.

"Miyezi iwiri? Lachisanu lililonse?"

"Inde, bwana."

"Chifukwa chiyani?"

"Ankaoneka otuwa."

A Gordon anatseka botolo lija. Pomaliza anati, "Chaka chonse ndi miyezi, palibe ndi mmodzi yemwe wa ife anakuuzapo kuti mafuta a mtundu uwu ndi mdani wa mphira. Ndipo kachubu kaja ndinachedwa nako ndine. Zimenezi ndikazinena ndekha kwa ofufuza." Kenako anati, "Tembo umuuze wekha. Imeneyo si ntchito yanga."

Ndinakwera basi ya ku Ilford, kumene ankakhala a Tembo, masana omwewo. A Tembo ndinawapeza atavala zogonera dzuwa lili pamutu, ndevu zosameta, wailesi ya kanema ikulankhula yokha. M'masabata awiri anali atakalamba. Ndinakana mpando, ndinagwada pa kapeti monga timachitira kwathu, ndipo ndinanena. Ndinkayembekeza kuti akuwa mpaka anthu oyandikana nawo atuluke. Iwo anangozimitsa kanema.

"Niziba," anatero.

Ndinadzutsa mutu.

"Ninanunkiza siku lija pa ngalande. Mafuta ya bana. Pa nchito paja ni ndani winangu angayende na mafuta ya bana mu tumba?"

"Ndiye bwanji simunanene, achimwene? Bwanji munalola akuchotseni?"

"Nine ninakuleta. Ninakamba kuti akalakwa mufunse ine. Manje banafunsa ine." Anapukusa mutu. "Ninati uyu muntu saziba chamene achita, ali na bana bang'ono, nizamuuza vikasila."

Apa ndinalira ngati mwana, chifukwa chinali chinthu chimene sindinachiganizepo n'kamodzi komwe, kuti munthu amene ndinkamubisira ndiye ankandibisa ine. Iwo anadikira mpaka nditatonthola, kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Unaziba liti?"

Ndikanatha kunena kuti dzulo, ndipo palibe akanandigwira bodza. Koma ndinali nditatopa. "Lamulungu la sabata yatha."

Anawerenga ndi zala, pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. "Naini," anatero. "Masiku yamene sunazibe, yaja nayaiwala kudala. Koma aya naini unali kuziba kuti nili muno." Anaimirira n'kutsekula chitseko. "Zikomo pobwela, a Kamwendo. Muyende bwino."

Chikhala anandimenya mbama, bwenzi zili bwino. Aka kanali koyamba kunditchula dzina la bambo anga, ndi kundilankhula ngati mlendo.

Zaka zotsatira

Sindinamangidwe, ndipo za ku Croydon zinali mantha anga chabe. Kampani inadzudzulidwa chifukwa chosaphunzitsa antchito, ine ndinalandira kalata ya chenjezo n'kutumizidwa ku maphunziro a kasamalidwe ka zovala za m'madzi. A Tembo anabwerera pa ntchito yawo dzina lawo litayera. Danny zala ziwiri za kumanzere sizinadzukenso, kukangozizira pang'ono zimamubaya ngati singano, ndipo anasiya kulowa m'madzi n'kuyamba kuyendetsa bwato. Nditapita kukapepesa anandiuza kuti, "Anandiuza kuti ndituluke, ine ndinakana. Tigawane." Anandipatsa dzanja lomwelo lovulalalo, ine ndinaligwira ndi manja awiri.

Ndi a Tembo tinagwira ntchito limodzi zaka zina khumi ndi chimodzi, benchi imodzi. Sanandichitirepo nkhanza, sanatchulenso nkhaniyo. Anandiphunzitsa zonse, tsopano akufotokoza ndi zifukwa zomwe, ine ndikufunsa mpaka kutopetsa. Ndinadziwa kuti timafuta ta m'kachubu ndi ta mtundu wina wosadya mphira, ndipo paudala ndi woti mphira isamamatirane. Ndinadziwa kuti magolovesi akuda a mphira yofewa ndi abwino pogwira timabawuti koma sachedwa kutha, pamene a buluu okhuthala amapirira oyilo ndi zitsulo koma zala zimakhala ngati za chule. Ndinkayesa munthu dzanja atavala kale a ubweya, n'kumupatsa kandalama kachitsulo kuti atole patebulo, akalephera tisinthe. Ndinakhazikitsanso lamulo lakuti golovesi ikang'ambika munthu atuluke, bawuti ilowe theka kapena isalowe. Iwo atapuma, makiyi anandipatsa okha m'manja. Koma m'zaka zonsezo ndinali a Kamwendo. "Mwauka bwanji, a Kamwendo." "Nipaseniko sizasi, a Kamwendo." Tsiku lililonse ulemu umenewo unkandicheka.

Ndipo mafuta sindinadzolenso m'manja. Poyamba chinali chifukwa cha ntchito, pakuti manja amene akugwira mphira ya anthu ayenera kukhala ouma. Kenako ndinapeza kuti ngakhale pa tchuti, ndikangotsekula botolo n'kumva fungo lija, ndimalitsekanso msanga. Ndiwo manja a woumba njerwa amene munkawaseka.

Chaka chino, mwezi wa Febuluwale

Mwana wamkazi wa a Tembo anandiimbira foni kuti bambo ake ali kunyumba yosamalira okalamba ku Croydon, atadwala matenda oumitsa ziwalo. Ndinakwera sitima, kenako thiramu, kasitima koyenda mumsewu. Ndinawapeza pampando pafupi ndi zenera, atachepa ngati mwana, mbali imodzi ya nkhope itagwa. Mtsikana wowasamalira, Mmalawi wa ku Zomba, anandinong'oneza kuti, "Adadi awa masiku ena sazindikira anthu, musadandaule akapanda kukudziwani."

Ndinakhala pambali pawo n'kupereka moni. Ankangoyang'ana manja awo ali pabulangeti, otuwa, osweka m'mfundo chifukwa cha kutentha kwa m'nyumba zimenezi. Kenako anayang'ana anga. Anayang'ana awo, anayang'ananso anga, ndipo mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera pang'ono. Analoza ndi chibwano pa kabati ya pambali pa bedi. Pamenepo panali botolo lija, mtundu womwewo, chivindikiro chomwecho.

"Iwe Dedza," anatero, mawu akukoka. "Nizoleko. Ine sindine golovesi."

Ndinatsekula botolo. Fungo linandimenya monga kale, koma sindinatseke. Ndinatenga dzanja lawo lakufa lija, ndinalidzoza chala chimodzichimodzi, kulowetsa mafuta pakati pa zala, kenako linzake. Misozi inkagwera pabulangeti, iwo akundiyang'ana ngati akuyendera ntchito yanga asanasayine. Nditamaliza ndinafuna kupukuta manja anga pa thaulo, koma anandigwira pamkono ndi dzanja lawo lamoyo.

"Osapukuta," anatero. "Yasala ni yako."